Booker T. Washington: mphunzitsi amene adasula ophunzira ake pauvuni wa njerwa

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, m'tauni yaing'ono ya Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, uvuni wa njerwa udagumuka pakati pa usiku. Moto udali utayaka pafupifupi sabata yathunthu, ndipo padangotsala maola owerengeka kuti njerwa zipse. Umenewu udali uvuni wachitatu kuwonongeka. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene inkaumba njerwazo, mnyamata wosakwana zaka 30 yemwe adabadwira mu ukapolo, adalibe ngakhale dola imodzi yoyambira uvuni wina. Aphunzitsi anzake ambiri adamulangiza kuti za njerwazo zilekeke. Iye adatenga wotchi yake, napita nayo ku Montgomery, likulu la chigawocho, n'kukaipinyolitsa pa madola 15.

Ndalama zimenezo zidamanga uvuni wachinayi, ndipo njerwa zake zidapsa bwino. Wotchi ija sadaiombolenso, pakuti nthawi ya pinyolo idatha asanapeze ndalama. Mphunzitsiyo adali Booker T. Washington, amene pambuyo pake adakhala munthu wakuda wodziwika kwambiri mu America yense wa masiku amenewo. Mbiri yake ili ndi mbali zambiri, ndipo zina anthu amatsutsana nazo mpaka lero. Koma phata la ntchito yake lidali chikhulupiriro chimodzi: wophunzira amene wapanga chinthu ndi manja ake, chinthucho n'kuwonongeka, iye n'kuchiyambanso mpaka chitatheka, amatuluka m'sukulu ali ndi mtima umene mavuto sangauthyole msanga.

Ubwana wa mu ukapolo ndi m'migodi

Booker adabadwa pa 5 Epulo 1856 ku Hale's Ford, m'chigawo cha Virginia, pa munda wa mzungu wina dzina lake James Burroughs. Mayi ake, a Jane, adali kapolo wophikira banja la mwini mundayo. Bambo ake adali mzungu amene mwanayo sadamudziwe konse. Kanyumba kamene ankagonamo kadalinso khitchini ya pamundapo, kopanda magalasi m'mawindo, ndipo ana ankagona pansi pa nsanza.

Akadali wamng'ono ndithu ankatumidwa kuchigayo ndi thumba la chimanga atalikweza pa kavalo. Kawirikawiri thumbalo linkapendekeka n'kugwa panjira, iye n'kugwa nalo, ndipo popeza adalibe mphamvu zolikwezanso, ankadikira kwa maola ambiri kuti wodutsa amuthandize. Sukulu ankangoionera pakhomo, pamene ankanyamulira mabuku mwana wamkazi wa mbuye wake.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, akapolo adamasulidwa, ndipo banjali lidasamukira ku Malden, m'chigawo cha West Virginia, kumene bambo ake omupeza, a Washington Ferguson, ankagwira ntchito pa ng'anjo zophikira mchere. Ufulu sudabweretse mpumulo. Mwana wa zaka 9 uja ankadzuka nthawi zina 4 koloko m'bandakucha kukalongedza mchere m'migolo. Migolo ya bambo akewo inkalembedwa nambala 18, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro choyamba cholembedwa chimene iye adachizindikira. Mayi ake adamupezera kabuku kophunzirira zilembo, iye n'kumadziphunzitsa yekha. Atapeza mwayi wolowa sukulu ya m'mudzimo, adaona kuti anzake onse ali ndi mayina awiri, ndipo mphunzitsi atamufunsa, adadzitcha Booker Washington. Pambuyo pake adamva kuti mayi ake adamupatsanso dzina lakuti Taliaferro ali khanda, ndipo ndiko kudachokera chilembo cha T chapakati pa dzina lake.

Kuchoka ku mchere adalowa mumgodi wa malasha, ntchito imene ankaiopa ndi kudana nayo. Mumdima wa mumgodimo ndimo adamva anthu awiri akukambirana za sukulu ina ya anthu akuda ku Virginia, kumene mwana wosauka ankatha kulipira chakudya ndi malo ogona pogwira ntchito.

Tsache ndi nsanza

Asanapite kusukuluyo, Booker adalembedwa ntchito ya m'nyumba kwa Mayi Viola Ruffner, mkazi wa mwini mgodi ndi ng'anjo za mchere. Mayiwa adali otchuka ndi kuvuta, moti anyamata ambiri sankakhalitsa pakhomo pawo. Ankafuna kuti chilichonse chikhale pamalo pake, pabwalo pasaoneke kachinyalala, ndipo ntchito yochitidwa mwaulesi ankaibwezetsa kuti ichitidwenso. Booker adapirira, ndipo m'kupita kwa nthawi adazindikira kuti mayiwa sankamuzunza, koma ankamuonetsa kusiyana kwa ntchito yongothamangira ndi ntchito yomalizidwa. Moyo wake wonse ankawerengera zimene adaphunzira pakhomopo pamodzi ndi maphunziro ake ofunika kwambiri.

Mu 1872, ali ndi zaka 16, adanyamuka ulendo wa makilomita pafupifupi 800 kupita ku Hampton. Ndalama zidamuthera panjira. Atafika mumzinda wa Richmond adagona pansi pa matabwa a njira ya oyenda pansi, masana n'kumatsitsa zitsulo m'sitima yapamadzi kuti apeze chakudya ndi ndalama zopitirizira ulendo. Adafika ku Hampton ali ndi masenti 50 okha, zovala zili zakuda, thupi losasamba kwa masiku.

Mphunzitsi wamkulu wamkazi, Mayi Mary Mackie, adamuyang'ana mokayika, namusiya akudikira pamene ena ankalandiridwa. Potsiriza adamupatsa tsache kuti akasese chipinda china chophunziriramo. Booker adasesa chipindacho katatu, napukuta fumbi kanayi pa mabenchi, matebulo ndi matabwa a m'makoma, akusuntha mipando yonse ndi kufika m'makona monse. Mayiwo adapititsa mpango wawo pamatabwa ndi pamipando, osapeza fumbi ngakhale pang'ono. Amenewo ndiwo adali mayeso ake olowera sukulu. Adalandiridwa, napatsidwa ntchito yosamalira zipinda ndi kukoleza moto m'mawa, imene idamulipirira mbali yaikulu ya zofunika zake.

Sukulu ya Hampton idakhazikitsidwa mu 1868 ndi Samuel Chapman Armstrong, mwana wa amishonale wobadwira ku Hawaii, amene pankhondo ija adatsogolera asilikali akuda. Armstrong ankakhulupirira kuti maphunziro ayenera kufika kumutu, kumtima ndi kumanja nthawi imodzi. Washington adamaliza maphunziro ake kumeneko mu 1875, nabwerera ku Malden kukaphunzitsa. Adakhalako miyezi ingapo pa sukulu ya Wayland mumzinda wa Washington, kumene kudalibe ntchito zamanja, ndipo adaona kuti ophunzira ambiri a kumeneko ankavala bwino ndi kudziwa zambiri za m'mabuku, koma sankadziwa kudziimira paokha.

Mu 1879 Armstrong adamuitananso ku Hampton, ndipo mwa ntchito zina adamupatsa sukulu ya usiku. Ophunzira ake oyamba adali pafupifupi 12, anyamata ndi atsikana osauka kwambiri, amene ankagwira ntchito maola 10 masana, anyamata kocheka matabwa, atsikana kochapa zovala, kenaka n'kuphunzira maola awiri usiku. Belu logonera likalira, ankapempha kuti phunziro lipitirire. Washington adawatcha kalasi ya olimba mtima, ndipo dzinalo lidafala pasukulu ponse.

Sukulu yopanda nyumba

Ku Tuskegee, anthu awiri osiyana kwambiri adagwirizana zopempha mphunzitsi: Lewis Adams, amene adali kapolo kale koma mmisiri wa zitini, nsapato ndi zingwe za akavalo, ndi George Campbell, mzungu wamalonda amene kale adali ndi akapolo. Nyumba ya malamulo ya Alabama idali itavomereza madola 2,000 pachaka olipirira aphunzitsi a sukulu yophunzitsa aphunzitsi akuda. Anthuwo ankayembekezera mzungu, koma Armstrong adawatumizira Washington, yemwe adali ndi zaka 25.

Atafika adapeza kuti ndalamazo zidali za malipiro okha. Padalibe malo, nyumba, ngakhale buku. Sukulu idatsegulidwa pa 4 Julayi 1881 ndi ophunzira 30, m'chisakasa chakale pafupi ndi tchalitchi cha anthu akuda. Mvula ikagwa, wophunzira mmodzi ankaimirira kumugwirira ambulera mphunzitsi pamene ena ankayankha mafunso.

Asanatsegule sukuluyo, Washington adayendera midzi yozungulira pa ngolo yokokedwa ndi bulu, akugona m'nyumba za alimi. Adapeza mabanja olima thonje mpaka pakhomo penipeni, opanda dimba la ndiwo, odya nyama yankhumba yonona ndi mkate wa chimanga zogula pangongole, ngongoleyo n'kumadya zokolola za chaka chotsatira. Adaonanso kuti achinyamata ambiri ankafuna maphunziro n'cholinga chothawa khasu basi. Zimenezi sizidali zodabwitsa. Kwa zaka zoposa 200, ntchito yamanja idali chizindikiro cha ukapolo, ndipo makolo amene adalimira ena popanda malipiro ankalakalaka kuona ana awo atagwira cholembera.

Patapita miyezi yochepa, munda wakale wa maekala 100 udapezeka pa mtengo wa madola 500. Washington adabwereka ndalama zoyambira kulipira kwa msungichuma wa ku Hampton, James Marshall, amene adazitulutsa m'thumba mwake. Mphunzitsi mnzake, Olivia Davidson, adayenda khomo ndi khomo kupempha zakudya zogulitsa pamadyerero kuti ngongoleyo ibwezedwe. Pamundapo padali kanyumba, khitchini yakale, khola la akavalo ndi khola la nkhuku. Makola awiriwo adakonzedwa n'kukhala zipinda zophunziriramo.

Atauza ophunzira kuti akaweruka azikadula mitengo kuti apeze malo olima, ambiri adanyinyirika. Ena mwa iwo adali kale aphunzitsi m'midzi yawo, ndipo ankaona kuti nkhwangwa ikuwachotsera ulemu. Washington sadatalikitse zokamba. Madzulo aliwonse ankasenza nkhwangwa yake n'kutsogola kunkhalango. Poona mphunzitsi wamkulu akudula mitengo, ophunzira adachita manyazi kuima chabe, ndipo pamodzi adatsegula maekala pafupifupi 20, nabzalamo mbewu.

Phunziro la m'matope

Chitsimikizo chake chachikulu chidali chakuti nyumba za sukuluyo zimangidwe ndi ophunzira eni ake. Anzake ena adamuchenjeza kuti nyumba zotere zidzakhala zokhota ndi zosakongola poyerekeza ndi zomangidwa ndi amisiri olembedwa ntchito. Iye adavomereza kuti zidzakhaladi choncho poyamba, koma adaona kuti kulakwitsako ndiko phunziro lenilenilo.

M'tauni ya Tuskegee mudalibe woumba njerwa, choncho sukulu idaganiza zoumba zake ndi kugulitsako zina. Washington ankayesa kuti ntchitoyi ndi yapafupi. Adakumba malo angapo asanapeze dothi loyenera. Ophunzira ankaima m'dzenje kwa maola ambiri, matope akufika m'maondo, ndipo ena adalongedza katundu wawo n'kubwerera kwawo. Walira mvula walira matope, koma si onse amene adalira sukulu adali okonzeka kuponda matope ake. Otsalawo adaumba njerwa pafupifupi 25,000 ndi manja, nazisanja mu uvuni. Zidakanika kupsa, chifukwa uvuniwo sudamangidwe bwino kapena sudasonkhezeredwe moyenera. Wachiwiri udalepheranso. Pa wachitatu, aphunzitsi ena amene adaphunzira ntchito zamanja ku Hampton adadzipereka kuthandiza, ndipo ndi umene udagumuka usiku uja.

Makalata ochokera kwa makolo adali akubwera kale. Ena adafika okha pasukulu kudzanena kuti ana awo adawatumiza kudzawerenga mabuku, makamaka akuluakulu ndi a mayina ovuta, osati kudzakumba dothi. Washington sadasinthe lamulo lake lakuti wophunzira aliyense, kaya kwawo n'kolemera kaya n'kosauka, aphunzire ntchito ina yamanja. M'malo mwake adayendayenda m'chigawocho kufotokozera makolo cholinga chake.

Mfundo imene ankaibwereza idali kusiyana kwa kugwiritsidwa ntchito ndi kugwira ntchito. Iye mwini adagwiritsidwa ntchito ku mchere ndi mumgodi, ndipo kumeneko sadapindule kanthu koma kutopa. Ntchito yolemetsa payokha silimbitsa munthu, ikhoza kungomufoola. Chimene chidasiyanitsa dzenje la njerwa la ku Tuskegee ndi munda wa thonje wa mbuye chidali chakuti wophunzira ankadziwa chifukwa chake akuchita zimene akuchita, ankaloledwa kufunsa chimene chalakwika, ndipo chotuluka m'manja mwake chidali chake ndi cha anzake.

Dothi lilibe tsankho ndipo silinyengerera munthu. Likakhala ndi mchenga wambiri njerwa imafumbutuka, likachepa mchenga imang'aluka pouma. Njerwa yolowa mu uvuni isanaume bwino imasweka, ndipo moto ukakhala wosalingana zina zimapserera pamene zina zili zosapsa. Wophunzira wolakwitsa samu papepala amaona cholembera chofiira cha mphunzitsi, n'kutheka kuganiza kuti mphunzitsiyo amamuda. Wolakwitsa pa uvuni amaona mulu wa zibuma zosweka, ndipo palibe womuimba mlandu. Chimene chimatsala ndi kufufuza polakwika ndi kuyambiranso. Ophunzira a ku Tuskegee adaonanso chinthu china chimene ana asukulu ambiri sachiona: mphunzitsi wawo wamkulu akulephera pamaso pawo katatu, osabisa, osaloza chala wina, kenaka n'kubwerera kudzenje.

Ntchitoyo idalinso ndi zotsatira zenizeni. Njerwa zikapanda kupsa, kudalibe nyumba yogonamo. M'zaka zoyambazo anyamata ena adagona m'matenti nyengo yozizira. Mabedi, matebulo ndi mipando zidapangidwa ndi ophunzira a ukalipentala, ndipo zoyambazo zidali zogwedera. Matiresi adali matumba a nsalu odzazamo masamba a mitengo ya paini. Wopanga bedi losalimba ankadziwa kuti iye kapena mnzake ndiye adzagonepo. Washington adanenapo kuti wophunzira watsopano akafuna kulemba kapena kukanda khoma ndi mpeni, wophunzira wakale ankamuletsa pomukumbutsa kuti nyumbayo adaimanga nawo ndi manja ake.

Njerwa zitayamba kupsa bwino, azungu a m'tauniyo, ngakhale amene sankafuna kumva za sukulu ya anthu akuda, adabwera kudzagula chifukwa zidali zabwino. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ophunzira ankaumba njerwa zokwana 1,200,000 pa nyengo imodzi. M'buku la mbiri ya moyo wake, Up from Slavery, lotuluka mu 1901, Washington adawerenga nyumba 40 zazikulu ndi zazing'ono pasukulupo, ndipo zonse kupatula zinayi zidamangidwa makamaka ndi ophunzira.

Mutu ndi manja pamodzi

Sukulu itakula, ntchito zophunzitsidwa zidafika pafupifupi 30: kumanga, ukalipentala, kusula zitsulo, kupanga ngolo, kusindikiza mabuku, kusoka nsapato ndi zovala, kuphika, unamwino, ulimi ndi zina. Atsikana ena ankaphunzira za dimba, zipatso, mkaka, njuchi ndi nkhuku. Mu 1892 kudafika Robert R. Taylor, munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro pa Massachusetts Institute of Technology, amene adajambula mapulani a nyumba zambiri za pasukulupo, ophunzira n'kumazimanga. Mu 1896 kudabwera George Washington Carver kudzatsogolera za ulimi, ndipo adaphunzitsa alimi kubwezeretsa chonde m'nthaka yoguga ndi thonje pobzala mtedza, nyemba ndi mbatata.

Washington ankalimbikitsa aphunzitsi kuti phunziro la m'kalasi lichokere ku ntchito imene wophunzira akugwira. Samu zinkakhudza kuwerengera njerwa zofunika pa khoma, kutalika kwa matabwa a denga, kapena kukula kwa munda. Chimangirizo chinkafotokoza mmene amakonzera gudumu la ngolo kapena mmene amasungira mkaka. Aphunzitsi ena ophunzira kwambiri ankaona kuti njirayi ikuwapanikiza, ndipo Washington adali bwana wovuta, woyendera makhitchini ndi zipinda zogona, wofunsa za batani losowa pa malaya ndi mswachi wa wophunzira aliyense. Komabe ambiri mwa omaliza maphunziro ku Tuskegee adakakhala aphunzitsi m'midzi, ndipo kumeneko luso lomanga sukulu pamalo opanda kanthu lidawathandiza koposa.

Pa moyo wake wapakhomo adakumananso ndi zomuyesa. Mkazi wake woyamba, Fannie Smith, adamwalira mu 1884, kumusiyira mwana wamkazi, Portia. Adakwatira Olivia Davidson, amene adabereka ana aamuna awiri, koma nayenso adamwalira mu 1889, thupi litafooka ndi ntchito yosapuma yofunira sukulu ndalama. Mkazi wake wachitatu, Margaret Murray, adatsogolera maphunziro a atsikana. Ana ake omwe sadapatulidwe pa lamulo lija: Portia adaphunzira kusoka asanakaphunzire nyimbo ku Berlin, ndipo mwana wamwamuna wamkulu adaphunzira kumanga ndi njerwa.

Mkangano umene sudathe

Pa 18 Seputembala 1895, Washington adalankhula pa chionetsero chachikulu cha zamalonda ku Atlanta, pamaso pa azungu ndi anthu akuda. Adalangiza anthu a mtundu wake kuti ayambe ndi ulimi, umisiri ndi malonda pamalo pomwe ali, ndipo adaonetsa kuti akhoza kulolera kwa nthawiyo kuti mitundu iwiriyi ikhale yolekana pa zochezerana, malinga igwirizane pa zachuma. Azungu ambiri adakondwera, ndipo kutchuka kwake kudakula mwadzidzidzi. Yunivesite ya Harvard idamupatsa digiri yaulemu mu 1896. Mu 1900 adayambitsa bungwe la amalonda akuda, ndipo mu 1901 adadya chakudya chamadzulo ndi Pulezidenti Theodore Roosevelt ku White House, zimene zidakwiyitsa kwambiri azungu a kummwera. Mu 1903 mpondamatiki Andrew Carnegie adapereka madola 600,000 ku sukuluyo.

Koma zaka zomwezo zidali zowawa kwa anthu akuda. Mu 1896 khoti lalikulu la America lidavomereza malamulo olekanitsa mitundu. Mu 1901 Alabama idalemba malamulo atsopano amene adalanda anthu akuda ambiri ufulu wovota, ndipo anthu ankaphedwa ndi magulu achiwawa popanda kuzengedwa mlandu. Mu 1903 W. E. B. Du Bois, katswiri wakuda wophunzira ku Harvard, adamudzudzula poyera m'buku lake The Souls of Black Folk. Du Bois sankanyoza ntchito zamanja. Nkhawa yake idali yakuti mmisiri wopanda voti sangateteze nyumba imene wamanga, ndiponso kuti popanda makoleji a maphunziro apamwamba sipangapezeke aphunzitsi, maloya ndi madokotala, ngakhale aphunzitsi a ku Tuskegee komweko.

Chidzudzulocho chidali ndi maziko. Azungu ambiri amene ankayamikira Tuskegee ankaikonda chifukwa ankaganiza kuti idzawapatsa antchito omvera, ndipo Washington, pofuna ndalama ndi chitetezo cha sukulu yake pakati pa adani, sankawatsutsa poyera. Ankagwiritsanso ntchito mphamvu zake kufooketsa anthu akuda amene ankatsutsana naye. Patapita zaka zambiri iye atamwalira, makalata ake adaulula mbali ina: mwachinsinsi ankalipirira milandu ya kukhoti yolimbana ndi kulandidwa kwa voti ku Alabama, ndi mlandu wa Alonzo Bailey wotsutsa kukakamiza munthu kugwira ntchito chifukwa cha ngongole, umene udapambana ku khoti lalikulu mu 1911.

Mmene maganizo ake adafikira ku Africa

Mbiri ya Tuskegee idaoloka nyanja. John Langalibalele Dube wa ku Natal, atapita ku America ndi kuona ntchito ya Washington, adakhazikitsa sukulu ya Ohlange ku Inanda, pafupi ndi Durban, ndipo mu 1912 adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe limene pambuyo pake lidatchedwa African National Congress. John Chilembwe adapita ku America mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'chigawo chomwecho cha Virginia, pa nthawi imene maganizo a Washington ankakambidwa m'mipingo ndi m'sukulu za anthu akuda. Atabwerera kwawo mu 1900 adayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kumene kuwerenga kudayendera limodzi ndi ulimi ndi kusoka, ndipo anthu ake adaumba njerwa namanga tchalitchi chachikulu, chimene boma la atsamunda lidagwetsa pambuyo pa kuukira kwa mu 1915.

Atsamunda nawo adatengako zimene zidawakomera. Omaliza maphunziro ku Tuskegee adatumizidwa ku Togo mu 1900 kukathandiza Ajeremani pa ulimi wa thonje, ntchito imene idapindulira kwambiri mafakitale a ku Germany kuposa alimi a ku Togo. M'zaka za m'ma 1920, nthumwi za Phelps-Stokes zidayendera maiko a mu Africa, kuphatikizapo Nyasaland, n'kulimbikitsa maphunziro otengera Hampton ndi Tuskegee. M'manja mwa Dube ndi Chilembwe, maphunziro a ntchito zamanja adali njira yodziimira paokha. M'manja mwa olamulira ena, adasanduka chifukwa chomanira Aafirika sukulu zapamwamba. Njerwa yomwe imamanga sukulu imamanganso mpanda, ndipo zimatengera amene wagwira chikombole ndi amene adzakhale m'nyumbamo.

Zaka zotsiriza

Ntchito yomaliza yaikulu ya Washington idali ya sukulu za m'midzi. Kuyambira mu 1912 adagwirizana ndi Julius Rosenwald, mkulu wa kampani ya Sears, Roebuck, kuti amange sukulu zazing'ono za ana akuda, kuyambira ndi zisanu ndi imodzi ku Alabama. Lamulo lake lidali lofanana ndi la ku Tuskegee: anthu a m'mudzi aperekeko ndalama, malo, matabwa kapena mphamvu zawo. Pofika mu 1932, sukulu zotere zidali pafupifupi 5,000 m'zigawo 15 za kummwera.

Iye sadazione zonsezi. Zaka zoyenda maulendo osatha kukapempha thandizo zidamufooketsa, ndipo ankadwala matenda a kuthamanga kwa magazi. Mu Novembala 1915 adadwala kwambiri ali ku New York. Madokotala atamuuza kuti masiku ake atsala ochepa, adaumirira kuti amutengere kwawo. Sitima idamufikitsa ku Tuskegee usiku, ndipo m'mawa wa pa 14 Novembala adamwalira ali ndi zaka 59, m'nyumba yake yotchedwa The Oaks, imene ophunzira adamanga ndi njerwa zoumba okha.

Adasiya sukulu ya ophunzira pafupifupi 1,500, aphunzitsi pafupifupi 200 ndi nyumba zoposa 100. Lero ndi Tuskegee University, yophunzitsa uinjiniya, udokotala wa ziweto, unamwino, zomangamanga ndi maphunziro ena apamwamba amene Du Bois ankamenyera, ndipo ena mwa makalasi ake ali m'nyumba zomwe zija zomangidwa ndi ana a anthu amene adali akapolo. Washington adaikidwa pamalo a sukuluyo, pafupi ndi tchalitchi, m'manda a njerwa amene ophunzira ake adamanga.